Ogona Pansi Sawerengedwa

Lolemba, 9 Okutobala 1995

Andigoneka lero masana m'wodi yaing'ono ya amuna, ija ya kuseri kwa khitchini. Bedi palibe. Ndili pansi, pakati pa bedi 14 ndi 15, pa kamatilesi konunkha mkodzo wa munthu wina. Mkazi wanga Lillian wayalapo chitenje, akuti fungo lichepa. Silinachepe.

Thupi latentha kufika 39.8. Mutu ndi m'mimba, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Atenga magazi. Dokotala akuganiza kuti ndi taifodi. Kope ili ndi lotsala la kuntchito, ndizilembamo kuti ndisapenge.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Diripi mabotolo awiri. Aipachika pa msomali wa pakhoma chifukwa chitsulo chopachikira chilipo chimodzi wodi yonse. Kloramfenikolo makapisozi awiri, kanayi pa tsiku. Ndasanza phala lonse. Wa pabedi 14 akatembenuka, nsikidzi zake zimagwera ine. Asa!

Lachitatu, 11 Okutobala

40.1. Sinditha kulemba zambiri.

Lachisanu, 13 Okutobala

Magazi atsimikiza, ndi taifodi. Thupi 38.6. Diripi achotsa. Ndayenda ndekha kukafika kuchimbudzi, ndipo ndikanadziwa ndikanapempha chitini chodzithandiziramo. Madzi anasiya Lachitatu. Munthu umalowa utatseka mphuno, umatuluka utatseka ndi maso omwe.

Pobwerera ndakumana ndi Sisita Mukatimui, mkulu wa manesi m'wodi muno, mayi wamtali wosaseka. Andiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Si ndimwe ba Mudenda? Munali kubwera mu Malichi na kafayilo, kuimilira pa chitseko na mpango pa mphuno?”

Ndine, abale. Ndilembe bwinobwino pano, kuti ndikafa anthu adziwe kuti ndinali chitsiru cha mtundu wanji. Chaka chino ndinalembedwa ganyu ndi bungwe lina la kafukufuku la ku Lusaka. Bwana wanga ndi Dr. Maimbolwa, katswiri wa zachuma pa nkhani zaumoyo. Ankafuna kudziwa ngati mawodi akugwiritsidwa ntchito mokwanira, kuti akuluakulu aone poika ndalama ndi pochotsa. Ntchito yanga inali kubwera 10 koloko m'mawa uliwonse, masiku makumi atatu, ndi kudzaza fomu ya mabokosi awiri: mabedi onse a m'wodi, ndi mabedi amene muli munthu.

Wodi ino ili ndi mabedi 30. Mwa amenewo 11 ndi othyoka, anawaunjika kukhoma la kumapeto. Otsala 19 amakhala odzaza tsiku lililonse, ndipo anthu ena amagona pansi. Koma fomu inalibe bokosi la bedi lothyoka, inalibenso bokosi la munthu wogona pansi. Ine tsiku lililonse ndinkalemba 30 ndi 19, n'kuthawa fungo. Ndinafunsapo kamodzi pa telefoni, ndi mawu a mwana wasukulu. Dr. Maimbolwa anati, “Fomu sitisintha pakati pa kafukufuku, Chabota.” Ndipo ndinasangalala ndi yankho limenelo, chifukwa kuwerenga a pansi kunafunika kulowa mkati.

Sisita atulutsa pepala m'thumba la yunifolomu. Lachokera kwa akuluakulu. Likuti kafukufuku wapeza kuti wodi ino imadzaza 63 pa 100 basi, choncho akuganiza zoitseka mu Disembala, manesi ake asamutsidwe, odwala azikathithikana m'wodi yaikulu imene ndi yodzaza kale.

“Namba yanu iyo,” atero. “Manje gonani bwino pa 63 yanu.”

Sindinadye chamasana.

Loweruka, 14 Okutobala

38.1. Makapisozi monga mwa masiku onse. 10 koloko itakwana ndawerenga ndili chigonere: pabedi 19, pansi 13. Tilipo 32 m'wodi ya mabedi 30, yomwe ine ndinauza dziko kuti ili ndi malo.

Mnansi wanga wa pansi pano ndi ba Njekwa, mdala wa ku komboni ya Malota, anagwira ntchito yocheka matabwa ku Mulobezi zaka zambiri. Ali ndi shuga, ndipo phazi lakumanzere lili ndi bala lomwe linayamba ndi msomali. Amawabaya insulini kawiri pa tsiku, bala amatsuka m'mawa uliwonse. Akamasula bandeji, ntchentche za m'khitchini zonse zimabwera kudzaona. Iwo amangoyang'ana kudenga n'kumaimba mluzu. Ali ndi masabata atatu muno, bedi sanaligonepo.

Ndawauza zimene ndinachita. Ndimayembekeza kutukwanidwa. Aseka mpaka kutsokomola.

“So ine kulibe? Ba Mudenda, masabata yatatu nili kununkha pano, mu buku yanu kulibe ine?”

“Mulibe, ba tate.”

“Awe, ni bwino. Uzani ba Monde, mkazi wanga, aleke kuvutika kubweretsa chakudya kwa munthu amene kulibe.”

Kenaka asiya kuseka. Akuti wodi ikatsekedwa, oyamba kuthamangitsidwa ndi ngati iwowo, a mabala osapola msanga. Kunyumba kulibe wowabaya jakisoni, ndipo kiliniki ili kutali kwa munthu wa phazi limodzi. Dokotala anawauza kuti akapirira mwezi wina muno phazi lipulumuka.

Lamlungu, 15 Okutobala

37.9. Tsiku la alendo. Amayi a mpingo atatu osiyana abwera nthawi imodzi, aliyense ndi nyimbo yake, kupondana ndi kutiponda ife a pansi. Mmodzi wandipempherera ataimirira pa chitenje changa ndi nsapato ya matope. Chakudya cha chipatala chinali nyemba zofumbwa, anankafumbwe akuyandama pamwamba. Ba Monde abweretsa chibwantu, chakumwa chonga thobwa, m'botolo, andigawira, koma Sisita aletsa ba Njekwa kumwa chifukwa cha shuga. Mdala wangonunkhiza.

Ndalemba kalata kwa Dr. Maimbolwa, masamba awiri. Ndavomera kulakwa kwanga, ndaika manambala enieni, ndawapempha kuti abwere adzaone ndi maso awo lipoti lisanasainidwe. Lillian amagwira ntchito pa loji ina yogona alendo ku msewu wa Nakatindi, ndipo kumeneko kuli fakisi. Waiwerenga nkhope itakwinyika.

“Batate bake Moono, mufuna kudzichotsa ntchito mweka? Munthu amalembera bwana wake kuti ine ndine chitsiru?”

“Ngati ndi zoona, inde.”

“Zoona zidzagula yunifolomu ya mwana?”

Tinakangana monong'ona, ba Njekwa akunamizira kugona. Pamapeto pake waipinda n'kuika m'chikwama. Akuti atumiza, koma ndisadzamulirire.

Lolemba, 16 Okutobala

37.6. Pabedi 19, pansi 12. Mmodzi wamwalira m'mawa, wa pabedi 6. Bedi lisanazizire anthu atatu anali atayamba kale kukanganirana. Apatsa wa chibayo. Matilesi angowatembenuza, osapukuta n'komwe.

Lachitatu, 18 Okutobala

37.2. Njala yabwerera. Ndadya nthochi ziwiri ndi phala, osasanza. Dokotala akuti makapisozi ndimalize masiku khumi ndi anayi, ndipo sanditulutsa mpaka m'mimba mutakhazikika.

Lillian wabwera ndi yankho! Dr. Maimbolwa akuti sabata yamawa ali ndi msonkhano pa hotela ina kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, wokambirana lipoti lomwelo. Lachitatu pa 25 adzapatuka kudzaona wodi, pamodzi ndi azungu awiri opereka ndalama ndi bwana mmodzi wa zaumoyo.

Ndinalephera kudzigwira. Ndalengeza wodi yonse ngati ndine wa ndale. Anthu aomba m'manja, ngakhale wa chibayo uja. Ba Njekwa andipatsa dzina, akuti kuyambira lero ndine ba Profesa. Akuti tsiku limenelo savala bandeji, azungu adzaone phazi lenileni.

Sisita Mukatimui okha sanaombe. Afunsa kuti, “Ku ofesi badziwa kuti kubwera alendo?” Ndati Dr. Maimbolwa awalembera. Angoti “Mayo,” n'kupitiriza kugawa mankhwala. Mayi ameneyu ngakhale umupatse nkhuku sangamwetulire.

Lachisanu, 20 Okutobala

37.0. Pabedi 19, pansi 14. Madzi abwera mwadzidzidzi. Chimbudzi achitsuka koyamba chibwerere ine.

Lolemba, 23 Okutobala

Kutentha kulibe. Makapisozi omaliza ndamwa lero.

Chipatala chapenga. Kuyambira m'mawa anthu akupaka laimu m'makoma, ife tili momwemo, madontho akugwera m'makapu. Miyala ya panjira aipaka yoyera. Pansi akolopa ndi mankhwala oluma m'maso, akutikankha ndi matilesi athu uku ndi uku ngati matumba a makala. Mabedi othyoka aja awatsitsa pamulu, awandandalika bwinobwino. Opanda mwendo awaikira njerwa, opanda masipuling'i ayalapo makatoni. Wokolopa wina anayesa kukhalapo, anapezeka ali pansi miyendo m'mwamba. Wodi yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo. Ndinkaganiza kuti ndi zopusa chabe za anthu oopa alendo.

Madzulo atulutsa nsalu zoyera m'sitolo, zatsopano, zikadali ndi mizere ya popinda. Masabata awiri ndagona pa chitenje cha mkazi wanga nsalu zili m'sitolo. Ndalavula malovu.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu. Kunja kukumveka ng'oma ndi ana asukulu akuguba.

9 koloko kwabwera bwana woyang'anira chipatala, wavala suti pa holide, ali ndi pepala la mayina. Pambuyo pake kadokotala kachinyamata kakungosaina. Mayina onse ndi a ife ogona pansi. Aliyense akuuzidwa kuti wapezako bwino, akamalizire kunyumba. Matilesi akufunika, akawaike pa mabedi a njerwa aja, pamwamba nsalu zoyera.

Ndinadzuka. Ndinati, “Bwana, alendo akubwera kudzaona anthu amenewa. Mukawachotsa, wodi itsekedwa.”

Anandiyang'ana ngati ndamuponda. “Ndimwe munaitana alendo? Manje mufuna azungu apeze anthu pansi monga mbuzi? Manyazi yadzakhala ya ndani, yanu olo yanga? Mu nyumba yanu mlendo akabwera simupyanga na tsache?”

Ndinafotokoza za 63, za fomu, za mabokosi awiri. Anati zimenezo ndi za ku Lusaka, iye chake ndi ukhondo. Sisita Mukatimui anayesa kunenerera ba Njekwa, kuti shuga sanakhazikike ndipo bala likutulukabe mafinya. Anayankhidwa kuti kiliniki iliko, ndipo amene sakufuna kumvera alembe kalata.

Ba Njekwa awapatsa mapilitsi m'kapepala ndi mabandeji atatu, akuti azipita kukiliniki tsiku lililonse. Ba Monde anapita kukabwereka wilibala kwa ogulitsa makala pageti. Pokwezedwa mdala anandigwira dzanja.

“Ba Profesa, imwe mwatsala. Mukambe za ife. Muwauze kuti tinaliko.”

Anthu khumi ndi anayi atuluka lero. Ine ndekha wa pansi sananditulutse, poti alendo akudzandifuna. Andipatsa bedi 15. Mwini wake, wa chilonda cha m'mimba, amuwonjezera pa mayina aja kuti ine ndipeze malo. Ndipo ndakwera. Ndilembe zimenezo: ndakwera, nsalu ndi yofewa, msana wanga wasangalala. Ndikudzinyansa.

Lachitatu, 25 Okutobala

Afika 11 koloko. Dr. Maimbolwa patsogolo, wanenepa, tayi yofiira. Mzungu wamwamuna ndi wamkazi, onse apsa ndi dzuwa la ku mathithi, wamkaziyo wavala mkanda wogula kwa a ziboliboli. Bwana wa zaumoyo akungoyang'ana wotchi. Pa tebulo la manesi panali maluwa m'botolo la diripi lodulidwa. Maluwa, m'wodi muno!

Dr. Maimbolwa anaima pachitseko, pamalo penipeni pamene ndinkaima ine, n'kuwerenga ndi chala. Kenaka anabwera pabedi langa akumwetulira.

“Chabota, mabedi 30, odwala 19. Namba yako ili bwino, mwana wanga. Uzidzikhulupirira.”

Ndinati dzulo tinalipo 33. Ndinati anthu awathamangitsa chifukwa cha ulendo womwewu. Ndinati aone buku lolembamo ogonekedwa. Bwana wa chipatala anayankha mwaulemu kuti buku lili kwa kalaliki, ndipo kalaliki wapita kumaliro. Anati amene atuluka ndi amene achira, monga zimakhalira sabata iliyonse. Onse anatembenukira kwa Sisita. Sisita anayang'ana maluwa.

Ndinaloza bedi la kumapeto n'kunena m'Chingelezi kuti mayi mlendoyo akayese kukhalapo. Anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala za odwala. Anayamba kupita ndithu, koma bwana wa chipatala anamutsekereza mwaulemu, akuti kuli tiyi kuofesi. Dr. Maimbolwa anandisisita phewa n'kuuza azunguwo kuti ndine mnyamata wakhama kwambiri, koma taifodi imasokoneza mutu. Mzungu wamwamuna analemba kanthu m'kabuku kake. Anati chipatalachi ndi chaukhondo kuposa zina zomwe aona.

Kuchokera pabedi 15 kukafika pa mabedi a njerwa ndi mapazi khumi. Kuchimbudzi ndimapita ndekha, ndipo ndi kutali kuposa pamenepo. Ndikanadzuka n'kukoka nsalu imodzi, njerwa ndi makatoni zikanaonekera. Ndinaganiza zimenezo, ndinaona m'maso mwanga ndikuchita. Koma Dr. Maimbolwa anali atangondinong'oneza kuti mu Januwale kuli gawo lachiwiri la kafukufuku ndipo adzandifuna. Ndinakhala phee, manja pa nsalu yoyera.

Anakhala mphindi khumi ndi ziwiri. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, imene aiikira batire dzulo.

Lachinayi, 26 Okutobala

Nsalu zoyera azitenga m'mawa, abweza kusitolo. Yanganso. Mabedi othyoka abwerera pamulu. Pofika masana anthu asanu ndi awiri atsopano anali atagona kale pansi. Pamalo pa ba Njekwa pali munthu wotsegula m'mimba.

Sisita pondiyeza thupi sanandiyang'ane. Ndinati, “Bwanji simunalankhule?” Anati, “Nili na ana anayi. Imwe muli na angati?” Ndili ndi mmodzi. 36.8.

Lachisanu, 27 Okutobala

Lillian wamva kwa anzake a kuhotela kuti msonkhano unatha bwino, anadya nyama ya mitundu itatu ndipo aliyense analandira chikwama. Sisita akuti pepala lafika: wodi itsekedwa pa 1 Disembala. Kalata yanga akuti aitchula m'lipoti, pansi pa tsamba, m'zilembo zazing'ono.

Lillian wasangalala ndi nkhani ya Januwale.

Lamlungu, 29 Okutobala

Ndadya mpunga ndi tinsomba ta kapenta. M'mimba muli bwino. Dokotala akuti mawa ndituluka. Sindinawerenge anthu lero, ndatopa nazo.

Lolemba, 30 Okutobala

Anditulutsa. Mavitamini a masabata awiri, madzi owiritsa okhaokha, ndibwerenso pa 13 Novembala.

Lillian akulongedza, ndinaona ba Monde pachitseko, atavala duku lakuda. Anadutsa pakati pa ogona pansi mosamala, osaponda munthu, n'kudzagwada pafupi ndi bedi langa. Ndinawauza kuti akhale pabedi, anakana.

Ba Njekwa anamwalira Loweruka madzulo kunyumba ku Malota. Masiku awiri oyamba anawakankha pa wilibala kupita kukiliniki. Tsiku loyamba anapeza insulini kulibe, lachiwiri anapeza mzere wautali ndipo dzuwa linawakomola. Tsiku lachitatu mdala anakana kukwera. Phazi linada mpaka m'bondo, kenaka anayamba kulankhula zosamveka. Ba Monde anafotokoza zonsezi ndi mawu wamba, ngati akunena za mtengo wa tomato. Abwera kudzatenga pepala la kuchipatala loti akaikire maliro.

“Koma ananituma kwa imwe, ba Profesa. Pamene anali akali na nzeru anati, ukafunse ngati alendo anamva za ife.”

Sisita Mukatimui anali pa bedi 14 ndi thireyi ya mankhwala. Anaima osatembenuka. Lillian anasiya kupinda zovala.

Ndinati, “Anamva, mayo.”

“Munawauza?”

“Ndinawauza zonse. Analemba m'buku.”

“Na dzina yawo?”

“Ndi dzina lawo lomwe.”

Mayi uja anaomba m'manja mwaulemu, katatu, ali chigwadire, misozi ikutsika. Anati ndiye kuti amuna awo sanavutike chabe, ena adzagona pabedi chifukwa cha iwo. Sisita anaika thireyi pansi n'kutuluka panja.

Maliro ndi mawa 10 koloko. Ba Monde akuti abale ochokera ku Mulobezi ndi ku Sesheke afika, ndipo ena akuwanena kuti analola bwanji munthu wodwala chotero kutulutsidwa. Andipempha kuti ndikaime pamanda, ine munthu wophunzira, ndikauze anthu zimene alendo ananena atamva za ba Njekwa.

Ndavomera.